Kukakamira mtundu umodzi wa pikapu: ndi nzeru kapena chizolowezi chabe?

Sipanala_17
Anzanga, funso langa ndi ili. N'chifukwa chiyani munthu akagula Hilux kamodzi, yachiwiri imakhalanso Hilux, yachitatu chimodzimodzi? A Isuzu nawonso sasuntha, a Ford ndiye osanena. Chikhalirecho mapikapu a masiku ano pafupifupi onse amanyamula katundu wa tani imodzi, ambiri amalembedwa kuti amakoka makilogalamu 3,500, ndipo injini zake ndi za dizilo za common rail, zimene zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera mu paipi imodzi. Kodi kukakamira dzina limodzi kuli ndi phindu lenileni? Ndikufuna mayankho okhudza zitsulo, osati kungoti yathu ndi yolimba.

Dizilo_Yekha
Zifukwa ndi ziwiri basi achimwene: masipeya ndi makaniko. Zina zonse n'zokometsera nkhani.

MakanikoWakale
A Dizilo_Yekha mwanena zoona koma mwafupikitsa kwambiri. Munthu amene wakhalitsa ndi mtundu umodzi amakhala atadziwa matenda a injini yake, ndipo chidziwitso chimenecho ndi ndalama. Vuto ndi loti anthu ambiri amaganiza kuti akudziwa dzina la galimoto, pamene chimene akudziwa ndi injini imodzi yokha.

Tengani Hilux yomweyo. Ya injini ya 5L, ya malita 3.0 yopanda tabo, ndi galimoto ina, ya 1KD ndi inanso, ya 1GD ya malita 2.8 imene inabwera mu 2015 ndi inanso. Pa 1KD ndi inzake ya 2KD pali lamba wa timing, wogwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni, amene amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo pa dashibodi pamayaka nyali yolembedwa T-BELT kukukumbutsani. Pa 1GD ndi 2GD palibe lamba, pali tcheni. Pa 1KD mavalavu amafunika kuyezedwa mpata wake, pa 1GD amadzikonza okha ndi mphamvu ya oilo.

Matenda odziwika a 1KD ndi mawasha a pansi pa ma injector, tizitsulo tofaira dizilo m'silinda. Akayamba kudontha, utsi wa m'silinda umalowa kumtunda kwa injini n'kusakanikirana ndi oilo. Oilo amasanduka phala lakuda, phala lija limakatseka kasefa ka paipi yokokera oilo mu sampu, ndiye mabering'i amauma injini n'kugwira. Amene akuidziwa injiniyi saika washa wakale akazula injector, ndipo pothira oilo watsopano amasuzumira ndi tochi pa bowo la sampu kuona ngati kasefa kaja kali koyera. Amene sakuidziwa amangodalira dzina.

HiluxMpakaKale
Mwaitchula matenda ngati ndi yodwaladwala bambo. Galimoto imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1968 ndipo ikugulidwabe m'maiko ochuluka chonchi, anthu onsewo sangakhale opusa.

MakanikoWakale
Palibe wanena kuti ndi opusa. Ndikuti imakhalitsa chifukwa matenda ake ndi odziwika, mankhwala ake ndi opezeka. Kumeneko ndiye kulimba kwenikweni.

HiluxMpakaKale
Pamenepo tagwirizana. Ndiwonjezere ichi: galimoto ikakhala yambiri pamsewu, chitsulo chilichonse mumachipeza m'magulu atatu. Pali chochokera kwa mwini kampani, pali cha makampani ena odalirika opanga masipeya, komanso pali chochotsa pa galimoto yochita ngozi. Mumasankha malinga ndi thumba komanso kufunika kwa chitsulocho. Galasi la m'mbali kapena chitseko mutha kutenga chakale, koma pampu ya madzi ndi lamba wa timing ayi. Mtundu wosowa pamsewu umakusiyirani njira imodzi, kuyitanitsa n'kudikira, galimoto ili pa majeki masabata angapo. Kwa munthu wa bizinesi tsiku lililonse galimoto yaima ndi ndalama yatayika.

KB_Sigwa
Zonsezo ndi zabwino, koma funsani chifukwa chake anthu a Isuzu sasintha. Kampaniyi ntchito yake yaikulu ndi malole ndi injini za dizilo. Injini ya 4JJ1 ya malita 3.0 ya mu D-Max imapezekanso m'malole ang'onoang'ono a Isuzu. Kutanthauza kuti mu pikapu ikugwira ntchito yopepuka poyerekeza ndi imene inapangidwira. Timing yake ndi ya magiya pansi ndi tcheni kumtunda, palibe lamba woti muziwerengera makilomita. Mphamvu zake papepala zinali zochepa poyerekeza ndi anzake, koma injini imene siifinyidwa kwambiri imatentha pang'ono ndipo imachedwa kutha.

Kuipa kwake tisabise: ndi yaphokoso, ndipo mavalavu ake amafuna kuyezedwa pa nthawi imene buku lanena. Ambiri amadumpha ntchito imeneyi chifukwa galimoto ikuyendabe.

Ranger_Asanu
Yaphokoso komanso youma ngati mukuyenda opanda katundu. Nenani zonse.

KB_Sigwa
Kuuma kumbuyo ndi kwa pikapu iliyonse ya masipuling'i a zitsulo zosanjikiza. Anapangidwa kuti asenze tani. Opanda katundu adzadumpha ndithu. Chepetsani mpweya m'matayala a kumbuyo ufike pa nambala ya galimoto yopanda katundu, imene yalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Anthu ambiri amayenda ndi mpweya wa katundu wodzaza chaka chonse kenako n'kumadandaula msana.

MayiWaMagalimoto
Ndiyankhe mbali ya amene amayang'anira magalimoto angapo. Pamenepo kusakaniza mitundu ndi kudzipweteka. Magalimoto asanu a injini imodzi amafuna fyuluta ya oilo ya mtundu umodzi, ya dizilo imodzi, ya mpweya imodzi, mapadi a mabuleki amodzi, oilo mgolo umodzi. Mukasakaniza mitundu itatu, shelefu imadzaza katatu ndipo tsiku lina wina adzathira oilo wolakwika. Makina oyezera kompyuta ya galimoto nawonso, amene amatha kulemba makodi a ma injector atsopano, sagwira bwino mitundu yonse.

Ngakhale marimu amapusitsa. Hilux ya 4x4, Ranger ya Ford, D-Max ndi Triton ya Mitsubishi onse ali ndi mabawuti asanu ndi limodzi ozungulira pa muyeso wa mamilimita 139.7, ndiye anthu amaganiza kuti amalowana. Koma bowo lapakati ndi losiyana: Hilux pafupifupi mamilimita 106, D-Max 100, Ranger 93, Triton 67. Rimu ya Triton singalowe pa Hilux. Ya Hilux ilowa pa Ranger koma ikhala yosakhazikika pakati, ndipo manati ake si amodzi. Nissan Navara ya mtundu wa D40 ndi D23 ndiye muyeso wake ndi 114.3, sigwirizana ndi aliyense mwa amenewa. Tayala lapadera la galimoto imodzi likatha kuthandiza inzake panjira, mwapulumutsa tsiku.

Sipanala_17
Mayi, zimenezo zikumveka kwa wa magalimoto asanu. Nanga wa imodzi?

MayiWaMagalimoto
Wa imodzi shelefu yake ndi makaniko wake. Ngati makaniko amene mumamukhulupirira ali ndi zida ndi luso la mtundu umodzi, kusintha mtundu ndi kusinthanso makaniko. Muwerengere zimenezo musanasinthe.

Ranger_Asanu
Tsopano tinene za Ford, chifukwa pagulu pano imanyozedwa ndi anthu amene sanaikhalepo. Ranger ya T6 itatuluka mu 2011 inasintha zimene anthu amayembekezera mu pikapu: mkati motakasuka, chiwongolero chomvera, galimoto yokhazikika pa liwiro. Injini ya malita 3.2 ya masilinda asanu imakoka bwino kuyambira pansi. Munthu woyenda maulendo ataliatali tsiku ndi tsiku akazolowera zimenezi savomera kubwerera ku mpando wouma. Kutopa kwa dalaivala nakonso ndi nkhani ya chitetezo.

Koma ili ndi malamulo ake. Pa injini za malita 2.2 ndi 3.2 musasiye oilo akukha nthawi yaitali posintha. Pampu yake ya oilo ikakhuthuka yonse imavuta kukokanso, ndipo injini itha kulira yopanda oilo. Lamulo lodziwika ndi loti musapyole mphindi 10 kuchokera pomasula nati ya sampu kufika pothira watsopano. Konzekeranitu zonse, fyuluta ndi oilo pafupifupi malita 10 pa 3.2, musanamasule chilichonse. Mukaliza injini yang'anani nyali ya oilo, ikapanda kuzima m'masekondi ochepa zimitsani msanga. Chachiwiri ndi choziziritsira EGR, njira yobwezera utsi wina wa ku ekizozi mu injini. Madzi a mu redieta akamachepa koma pansi posaoneka dontho, ndipo ku ekizozi kukutuluka utsi woyera, yambirani pamenepo musanaganize za gasiketi.

Dizilo_Yekha
Ndiye galimoto yofuna wotchi posintha oilo mukuti ndi yabwino?

Ranger_Asanu
Ya mawasha otseka sampu ija mwaiiwala kale? Iliyonse ili ndi pake. Funso ndi loti mukupadziwa kapena ayi.

MakanikoWakale
Ndipo wa Ranger amene wachoka pa 3.2 kupita pa 2.0 asaganize kuti akuidziwa galimoto. Pa 2.0 zambiri lamba wa timing amayenda m'kati mwa oilo. Mukathira oilo wosagwirizana ndi muyezo wa kampani, kapena mukachedwetsa sevisi dizilo n'kuchuluka mu oilo, lamba amafufuma n'kuyamba kunyenyeka. Tizidutswa take timakatseka kasefa ka pampu ya oilo. Dzina pa boneti ndi lomwe lija koma zoyenera kusamala zasinthiratu.

ChitsuloNdiChimodzi
Apa ndi pamene ine ndimaona kuti kukakamira dzina kumapitirira muyeso. Mazda BT-50 kwa zaka zambiri inali Ranger m'kati mwake. Kuyambira 2020 ndi D-Max, injini ndi chasisi za Isuzu. Volkswagen Amarok yoyamba inali ya Volkswagen yeniyeni, koma yachiwiri ya 2022 ndi Ranger ndipo imapangidwa pa fakitale ya Ford ku Silverton, Pretoria. Mercedes-Benz X-Class, imene inangokhala kuyambira 2017 mpaka 2020, inamangidwa pa Nissan Navara, chimodzimodzinso Renault Alaskan. Fiat Fullback inali Mitsubishi Triton. Ndiye munthu amene akuti ine ndi wa Mazda mpaka kale, wakhala wa Ford kenako wa Isuzu osadziwa. Wokhulupirika kwa ndani?

HiluxMpakaKale
Mwaona kuti pa mndandanda wanuwo Hilux palibe?

ChitsuloNdiChimodzi
Tsegulani boneti ya Hilux muone kampani imene inapanga pampu ya dizilo. Denso. Ya pa 4JJ1 ndi Denso, ya pa YD25 ya Navara D40 ndi Denso, ya pa 4D56 ya common rail ya mu Triton ndi Denso. Ndipo onsewa amadwala matenda amodzi, kavalavu ka pa pampu kotchedwa SCV. Kakayamba kumata, injini imasinthasintha kulira ikaima, imazima pofika pa mphambano, kapena imataya mphamvu pokwera phiri nyali ya injini n'kuyaka. Ndi mabawuti awiri ndi waya umodzi, ndipo mukasintha ndi bwino kuiphunzitsanso pampu ndi makina. Anthu agulapo ma injector onse anayi vuto lili pa kachitsulo kameneka.

MayiWaMagalimoto
Komabe amene amakugulitsani galimoto ndi kukupatsani waranti ndi wa dzina la pa boneti. BT-50 ndi D-Max zitha kukhala chimodzi pansi, koma mabampa, nyali ndi magalasi si amodzi, ndipo ngozi zambiri zimaphwanya zimenezo. Muone kuti zakunja za mtundu uti zimapezeka msanga.

Matope4x4
Pepani ndipatuke pang'ono. Wina anditsimikizire, kodi ndi zoona kuti kuyenda pa 4H, giya yoyendetsa matayala onse anayi, pa phula mvula ikamagwa kumaononga galimoto?

Triton_Chete
Zimatengera galimoto yake. Mapikapu ambiri 4x4 yake ndi yongolowetsa pakafunika, ilibe difu yapakati. Mukaika 4H, shafuti ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zimamangidwa pamodzi kuti zizizungulira mofanana. Pokhota, matayala a kutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa a kumbuyo. Pa dothi kapena matope tayala limaterereka pang'ono, kusiyanako n'kutha. Pa phula silingaterereke, ndiye mphamvu ija imaunjikana mu transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi m'ma CV joint, mfundo za mashafuti a matayala a kutsogolo. Mudzamva chiwongolero chikulemera, galimoto ikudumphadumpha pokhota, ndipo 4H imakana kutuluka. Ikakana, bwererani m'mbuyo molunjika mamita angapo kuti imasuke.

Apa ndiye pali chifukwa chimene a Mitsubishi sachokera. Triton za Super Select zili ndi difu yapakati, ndiye 4H mutha kuyenda nayo pa phula louma kapena lonyowa popanda vuto, ndipo mukafuna kumanga mumaika 4HLc. Kwa munthu amene msewu wake umasinthasintha, phula pang'ono dothi pang'ono, kapena wokoka ngolo pa mvula, chimenechi ndi chinthu chogwirika.

KB_Sigwa
Ndiwonjezere kwa a Matope4x4: musaisiyenso 4x4 miyezi yambiri osailowetsa. Kamodzi pa mwezi pezani msewu wa dothi muyende nayo makilomita angapo. Kamota kolowetsa giya kakakhalitsa osagwira ntchito kamauma, ndipo mudzazindikira tsiku limene mwatitimira.

Sipanala_17
Tibwerere ku funso anzanga. Ndiye tinene kuti kukhulupirika kuli bwino, kapena munthu aziyang'ana galimoto iliyonse payokha?

Dizilo_Yekha
Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Galimoto imene ukuidziwa matenda ake imaposa imene wangoimva kutamandidwa.

MakanikoWakale
Ndivomereza, koma pokhapokha ngati ntchito ya galimoto sinasinthe ndipo injini ndi ya banja lomwe lija. Chitsanzo chachikulu ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi. Munthu amene anali ndi pikapu yakale yopanda DPF, woyenda maulendo afupiafupi m'tauni, akagula yatsopano ya dzina lomwelo yokhala ndi DPF adzakhumudwa. Sefayi imadziyeretsa potentha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, ndipo imafuna injini yotentha bwino ikuyenda mosadukiza kwa mphindi 20 kapena 30. Mukamazimitsa pakati pa ntchitoyi tsiku ndi tsiku, sefa imadzaza, ndipo pa injini zina dizilo wosapsa amatsikira mu oilo. Mukaona oilo akukwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika, ndi chimenecho. Imafunanso oilo wa phulusa lochepa, wa gulu la C2 kapena C3 malinga ndi buku. Oilo wa 15W-40 amene ankayenda bwino pa injini yakale amaitseka.

Palibe kampani imene yapulumuka pa nkhaniyi. Ngakhale Toyota inatengeredwa ku khoti ku Australia pa za DPF ya Hilux, Prado ndi Fortuner, ndipo mu 2022 khoti linapeza kuti magalimotowo anali ndi vuto.

HiluxMpakaKale
Koma pogulitsa ndi iti imene imabweza ndalama zambiri? Pamenepo musazembe.

Ranger_Asanu
Munailipiranso zambiri pogula. Werengerani kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, muwonjezere dizilo, sevisi, matayala ndi inshuwalansi pa zaka zonse mwakhala nayo, mugawe ndi makilomita. Nambala imeneyo ndiyo yoyerekeza. Komanso galimoto imene masipeya ake amayenda malonda imakopanso akuba, ndipo a inshuwalansi amadziwa zimenezo.

NgoloYolemera
Nkhani ya makilogalamu 3,500 imene a Sipanala_17 anayamba nayo isadutse chonchi. Nambala imeneyo imanyenga pa mitundu yonse. Pali malire ena, kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi. Tiyerekeze malirewo ndi 6,000, galimoto yopanda kanthu ikulemera 2,200. Mukakoka 3,500, zatsala 300 zokha za dalaivala, okwera, kanope, zida ndi katundu yense. Anthu anayi akuluakulu amaliza kale. Ndiye poyerekeza mitundu yang'anani nambala ya zonse pamodzi, osati ya pa chikwangwani chotsatsira malonda.

Chinanso ndi chasisi chopindika pakati pa kabini ndi bodi. Anthu amaloza mtundu wakutiwakuti, koma zimachitika pa double cab iliyonse. Bodi yake mbali yaikulu ili kumbuyo kwa ekiselo. Mukaika zolemera kumapeto kwenikweni, kuwonjezera kulemera kwa ngolo pa chokokera, kenako n'kumenya bampu pa liwiro, chasisi chimathyokera pamenepo. Zolemera zizikhala kutsogolo, kugundana ndi kabini. Ndipo matumba a mpweya oikidwa pakati pa ekiselo ndi chasisi akapopedwa kwambiri amasenzetsa malo amodzi katundu amene masipuling'i akanagawa pawiri.

NavaraD22
Mwaiwala Nissan. D22, imene m'maiko ena inkatchedwa NP300 Hardbody, anthu anaikonda chifukwa cha kuphweka, mawaya ochepa, makaniko aliyense amaigwira. Pa YD25 ya D40 chofunika ndi kumvetsera tcheni ya timing poliza m'mawa. Ikamachita phokoso masekondi oyamba, yatalika kapena tenshona yafooka, sinthani seti yonse isanadumphe dzino n'kugundanitsa mavalavu ndi mapisitoni. D23 ya double cab inabwera ndi masipuling'i ozungulira kumbuyo, yofewa bwino popanda katundu, koma wonyamula zolemera tsiku lililonse aiyese ili yodzaza asanagule.

ChitsuloNdiChimodzi
Mwaona? Mitundu itatu ya Nissan, makhalidwe atatu. N'chimene ndikunena.

MayiWaMagalimoto
A ChitsuloNdiChimodzi, mfundo yanu yamveka, koma sikuti dzina lilibe ntchito. Kampani imene imasunga masipeya a galimoto ya zaka 15, imene imaitana magalimoto kudzakonzedwa ulere ikapeza vuto, imene wogulitsa wake amalemekeza waranti popanda kukokanakokana, yagwirira ntchito kukhulupirika kwa kasitomala. Nthawi yochoka ndi pamene zimenezi zasiya kuchitika: sipeya wamba akutenga milungu, vuto limodzi likubwerera katatu, kapena mtundu watsopano sukugwirizananso ndi ntchito yanu.

Matope4x4
Nanga pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, dzina lingandithandize bwanji?

MakanikoWakale
Limakuuzani poyang'ana, basi. Zotsalazo ndi maso anu. Pitani injini ili yozizira, igwireni ndi dzanja musanalize, chifukwa yotenthetsa kale imabisa kuvuta kulira, utsi ndi phokoso la tcheni. Ikulira, masulani chivindikiro cha oilo n'kuchisiya pabowo. Chikamavina pang'ono palibe vuto, chikamakankhidwa ndi utsi wambiri maring'i atha. Yang'anani madzi a mu redieta ngati ali ndi mafuta kapena thovu. Lowani pansi ndi tochi, gogodani chasisi ndi kahamala makamaka pamene pamangidwa masipuling'i ndi kuseri kwa kabini, dzimbiri limabisala pansi pa penti watsopano. Onani mpata wa pakati pa kabini ndi bodi, ukhale wofanana pamwamba ndi pansi. Masulani nati yothirira oilo wa difu, akakhala wotuwa ngati mkaka mwalowa madzi. Lowetsani 4H ndi 4L, giya yotsika ya 4x4, pa dothi. Pomaliza lumikizani makina muone manambala a ma injector injini ili yozizira komanso itatentha, ndi kuchuluka kwa mwaye mu DPF ngati ilipo. Buku la sevisi lokhala ndi malisiti limaposa dzina lililonse.

Dizilo_Yekha
Ndipo mukagula, fyuluta ya dizilo musaumire. Common rail imatha kupopa dizilo ndi mphamvu yopyola 1,600 bar, kadontho ka madzi kapena kamchenga kamadya pampu ndi ma injector pamodzi. Nyali ya madzi ikayaka imani, masulani kampopi ka pansi pa fyuluta mpaka patuluke dizilo woyera, mangani, popani ndi dzanja mpaka kulimba.

Sipanala_17
Funso lomaliza kwa a MakanikoWakale. Ngati dzina ndi chaka sizikwanira, sipeya woyenera ndimudziwa bwanji?

MakanikoWakale
Ndi nambala ya chasisi, VIN, ya zilembo ndi manambala 17, pamodzi ndi kodi ya injini. Pa Hilux za chaka chofanana, yopangidwa ku Thailand, imene VIN yake imayamba ndi MR0, ndi yopangidwa ku South Africa, yoyamba ndi AHT, zitha kusiyana mabuleki, mafyuluta ndi mawaya. Jambulani kachitsulo ka VIN pa foni, ndipo wogulitsa masipeya afufuze ndi nambalayo musanalipire.

KB_Sigwa
Pa D-Max muonenso ngati ndi 4JJ1 kapena 4JJ3. Onse amalembedwa 3.0 kumbuyo koma ma injector ndi tabo si zimodzi.